Nkhokwe za munthu wa pa Luka 12

Mwezi uno ku kalasi yathu ya Baibulo, imene timakumana Loweruka masana m'tchalitchi chathu cha CCAP kufupi ndi Linthipe, abusa anatipatsa ntchito yolemba tsamba limodzi pa fanizo la mwini chuma wopusa, Luka 12:13-21, amene atakolola zochuluka anaganiza zomanga nkhokwe zazikulu. Funso linali lalifupi: kodi munthuyu analakwa chiyani?

Yankho limaoneka lapafupi mpaka utagwira cholembera. Munthuyu sanabe. Sanasunthe malire a munda wa mnzake, katapila sanachite. Munda unangomupatsa. Kumanga nkhokwe nakonso si tchimo, chifukwa pa Genesis 41 Yosefe anasunga tirigu kwa zaka 7 za dzinthu dzochuluka, ndipo ndi nkhokwe zomwezo zimene zinapulumutsa Aigupto ndi abale ake omwe. Ife kuno ku Dedza tikudziwa kuti wogulitsa chimanga chonse mu Meyi ndi yemwe amayendayenda ndi kathumba mu Febuluwale.

Amene anatitsegula maso ndi mayi wina wachikulire wa Chigwirizano, amene amawerenga pang'onopang'ono chala chili pa mzere. Anati, "Abusa, ine chandidabwitsa n'choti bamboyu akungoyankhula yekha. Akazi awo ali kuti? Nanga aganyu amene anakolola aja?" Tinabwereranso pa ndimeyo. Zoonadi, kuyambira pamene akudandaula kuti alibe poika zokolola mpaka pamene akuuza moyo wake kuti upumule, udye, umwe, sakutchula munthu wina aliyense, ngakhale Mulungu. Koma munda woti nkhokwe n'kuchepa sakolola munthu mmodzi. Ndiponso Ayuda amene ankamvetsera Yesu ankalidziwa lamulo la pa Levitiko 19:9-10, loti m'mphepete mwa munda muzisiyidwa kuti osauka ndi alendo akunkhe. Mwini chumayu anafuna kuti ngakhale ngala imodzi isatsale panja.

Apa mpamene nkhani inafika pakhomo panga. Chaka chino ndakhala ndikusonkhanitsa ndalama zoti ndigule chimanga nthawi yokolola chikadali chotsika mtengo, ndichithire mankhwala a anankafumbwe, ndidzagulitse mu Januwale. Phindu lake ndi loti ndigulire njinga yamoto ya kabaza. Achimwene ena a m'kalasi mwathu, amene amagula mbewu pa sikelo pa msika, sanachedwe kufunsa: "Ndiye abusa, tisiye bizinesi?" Abusa sanawayankhe mwachindunji. Anangotitsegulitsa Miyambo 11:26, pamene akunena kuti womana anthu tirigu amatembereredwa, koma womugulitsa amadalitsidwa. Kugulitsa n'kololedwa ndithu. Vuto lili pa kumana.

Ine zimene ndinalemba pa tsamba langa ndi izi. Munthu ukadzaza matumba m'nyumba kudikira mtengo, pemphero lako limasintha usakudziwa. Lamlungu mpingo ukamapempherera mvula, iwe pakamwa umati ame, koma mtima umawerengera kuti mvula ikadula thumba lidzafika pa zingati. Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itaumitsa chimanga m'minda, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Amene anali ndi matumba chaka chimenecho anapeza ndalama. Sindikunena kuti onse anakondwera ndi dzuwa lija, ayi. Koma ndikuopa kukhala munthu amene njala ya a neba ingamufike ngati nkhani yabwino. Pamenepo ndiye kuti chuma chakhala kale pa mpando, ngakhale chakhumi chikuperekedwa mwezi ndi mwezi.

Palinso china chimene ambiri timachidumpha. Fanizoli linayamba ndi munthu wopempha Yesu kuti auze mbale wake agawane naye chuma chamasiye. Yesu anakana kukhala wogawa, m'malo mwake anachenjeza za msiriro. Mwina wopemphayo anali ndi mlandu wabwino. Kuno tili ndi lamulo la 2011 loletsa kulanda chuma chamasiye, komabe pamaliro ambiri malata ndi mbuzi zimayamba kuwerengedwa manda asanaume, ndipo owerengawo nthawi zina ndi omwe anatsogolera nyimbo kusiwa.

Chimanga ndigulabe. Chimene ndalingalira n'choti matumba ena ndidzawatsegule mu Disembala, nthawi yopalira, ndizigulitsa pa ndowa ndi pa mbale kwa anthu a m'mudzi mwathu pa mtengo umene ndinagulira, kungoonjezera za mankhwala ndi mayendedwe. Njinga yamoto idzachedwa ndi chaka. Mayi a kunyumba sanavomerebe. Akuti mwana wathu wa Fomu 3 akufunika fizi mu Januwale, ndipo sukulu silandira mavesi. Zimenezonso n'zoona, moti tagwirizana kuti Lamlungu tikaweruka tikhale pansi ndi kope, tiwerengere matumba a fizi padera, kenako tione otsalawo.