Ku Alexandria, kwawo kwa Knute Nelson

Anthu ambiri opita ku Alexandria, tawuni yaing'ono ya ku Minnesota m'dziko la America, amathamangira kukajambulitsa pa Big Ole, chiboliboli chachitali cha Mviking (wankhondo wapanyanja wakale wa kumaiko ngati Norway), kenako n'kukaona mwala wa Kensington umene mlimi wina anafukula mu 1898, wokhala ndi zolemba zimene ena amati ndi za Aviking akale. Akatswiri ambiri amati zolembedwa pamwalawo n'zopeka, koma alendo sasiya kukhamukirako. Ine chondikoka chinali nyumba ya Knute Nelson, gavanala wakale wa Minnesota, imene pano imasungidwa ndi Douglas County Historical Society.

Kuchokera ku Minneapolis ndi maola awiri pamsewu wa I-94. Za m'njira palibe chokamba, minda yoyera mbee ndi chipale chofewa.

Nditangomwetsa mafuta m'tawunimo, galimoto inakana kulira. Batire inali itafooka ndi kuzizira, zala zanga nazo zitauma gwa. Bambo wina wachikulire, wovala chipewa chophimba makutu, anabwera osaitanidwa, n'kulumikiza mawaya kugalimoto yake. Nditatulutsa madola 20 anangopukusa mutu. M'malo mwake ananditsanulira khofi wa m'fulasiki, n'kundipatsa lefse, kamkate kopyapyala ka mbatatesi kopaka batala ndi shuga, kokulunga ngati chapati. Agogo awo, anatero bambowo, anachokera ku Norway. Nditatchula Nelson anaseka, akuti alendo ambiri amangofunsa za mwala.

Komatu mbiri ya munthuyu ndi yeniyeni. Anabadwira ku Voss, m'dziko la Norway, mu 1843, nabwera ku America ndi mayi ake mu 1849, ali osauka. Ali mnyamata anagulitsako nyuzipepala ku Chicago. Anaphunzira ku Albion Academy ku Wisconsin, n'kuphunzitsa pasukulu yakumudzi kufupi ndi Stoughton, komwe ana ambiri ankayankhula Chinorway kunyumba. Atavulazidwa ku Port Hudson pankhondo yapachiweniweni ya ku America mu 1863, anabwerera n'kuphunzira zamalamulo, nasankhidwa kukhala phungu wa nyumba ya malamulo ya Wisconsin. Ku Alexandria anasamukira mu 1871. Kenako anadzakhala gavanala wa Minnesota mu 1893, ndiponso seneta mpaka imfa yake mu 1923.

Chimandinyansa n'chakuti mwala wokayikitsa umakoka makamera, pomwe mphunzitsi amene anatumikiradi anthu ake amafuna uchite kufunsira.

Mukafuna kupitako, dikirani chilimwe, nyanja zozungulira tawuniyi zitasungunuka. Mukaumirira Januwale, mawaya a batire asasowe m'galimoto. Lefse landirani ndi manja awiri, koma akakupatsani lutefisk, nsomba yoviika m'madzi a soda, yambani mwalawa pang'ono.