Desmopressin wandiphunzitsa kuopa kapu ya madzi

Sabata ino yonse ndakhala ndikulimbana ndi mutu umodzi basi, wa mankhwala ochepetsa mkodzo aja amati desmopressin, ndiye ndati ndilembe zimene zandilowa m'mutu zisanathawe, chifukwa ine ndikafotokoza chinthu m'Chichewa m'pamene ndimadziwa ngati ndamvadi kapena ndangoloweza zamayeso. Kuno ku Luwinga mawawa sakuleka, zovala ndinachapa Lolemba zija mpaka pano zili pachingwe m'nyumba, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhani ya ana okodza pogona yandikhudza chonchi. Amene mumakhala ku Mzuzu mukudziwa kuti bulangete likanyowa mu Juni sikuti mawa lauma ayi.

Mng'ono wanga anakodza pogona mpaka ali sitandade 5. Ndimakumbukabe m'mawa akutuluka ndi mphasa kukayanika kuseri kwa nyumba mozemba kuti anzake asamuone, ndipo akuluakulu kunyumba ankati ndi ulesi, akuopa kudzuka chifukwa chozizira. Anakalipiridwa, nthawi zina kukwapulidwa kumene, ineyo ndinkamunyoza nawo. Pamene aphunzitsi athu amafotokoza m'kalasi chimene chimachitika m'thupi mwa mwana wotere mtima unandiwawa, chifukwa mwana uja analibe mlandu uliwonse.

Nkhani yake ili chonchi. Thupi lathu limapanga hormone (chinthu choyenda m'magazi chouza ziwalo zochita) yotchedwa vasopressin, ena amangoti ADH. Imapangidwa mu ubongo pamalo otchedwa hypothalamus kenako n'kukasungidwa chakumbuyo kwa kachiwalo kakang'ono kaja ka pituitary. Ntchito yake ndi youza impso kuti madzi asathere onse ku mkodzo, ena abwerere m'magazi. Usiku hormone imeneyi imachuluka, n'chifukwa chake munthu umatha kugona mpaka m'mawa osadzuka kukataya madzi. Ndiye pali ana ena amene usiku siichuluka mokwanira, mkodzo umapangidwa wambiri kuposa umene chikhodzodzo chingasunge, mwananso ali m'tulo tofa nato, basi mphasa yanyowa. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodzabe pogona ndipo ambiri amadzasiya okha akamakula. Desmopressin ndi mankhwala opangidwa motengera hormone yomweyi, kungoti amakhalitsa m'thupi ndipo ntchito yake kwenikweni amakagwira ku impso.

Ine kuti ndimvetse ndinachita kuyerekeza ndi thanki ya madzi. Mankhwalawa amatseka mpopi wotulutsa. Tsopano ngati mpopi watsekedwa koma iwe ukuthirabe madzi pamwamba, madziwo apita kuti? Amakhala m'thupi momwemo, magazi amasungunuka, mchere wa sodium umatsika. Sodium wabwinobwino amakhala pakati pa 135 ndi 145, akatsika kwambiri madzi amalowa mu ubongo n'kuyamba kutupa. Dzina lake ndi hyponatraemia ndipo ili ndiye vuto lalikulu la mankhwala amenewa. Zimayamba ngati zazing'ono, mutu kupweteka, nseru, kusanza, mwana kufooka kapena kusokonezeka, zikapitirira amayamba kuphupha ngati wakhunyu mpaka kukomoka. Choopsa n'choti kwathu kuno mwana akati mutu ukupweteka n'kusanza tonse timathamangira kuganiza malungo, ndipo chinthu choyamba timamupatsa madzi kuti amwere panado. Apa ndiye tikuthira mafuta pamoto osadziwa.

N'chifukwa chake lamulo la madzi silochita kukambirana. Mwana amamwa mankhwalawa pokagona, ndipo kuyambira ola limodzi asanamwe mpaka maola 8 atamwa asamwe zamadzimadzi, kupatula pang'ono pokha pomezera pilisi kapena kunyowetsa kukhosi. Zamadzimadzi ndikutanthauza zonse, tiyi wamadzulo uja timakonda kukazizira, thobwa, sobo, mkaka, phala lamadzimadzi. Ndinaganizira kwambiri apa chifukwa makolo ambiri ukawauza kuti asamwe madzi amamva madzi a m'ndowa okha, thobwa kwa iwo ndi chakudya. Ndiye pofotokoza uyenera kutchula chimodzichimodzi, ndipo ngati mayiyo amamasuka m'Chitumbuka pezani wina afotokozenso m'Chitumbuka momwemo, osangoti agwedeza mutu ndiye amva. Masana mwana azimwa bwinobwino, asamanidwe, akamamwa mokwanira masana madzulo savutika ndi ludzu. Akodzenso asanagone.

Chinanso chimene ndalemba ndi cholembera chofiira m'notsi mwanga: mwana akadwala, kaya akutsegula m'mimba, akusanza kapena watentha thupi, usiku umenewo desmopressin asamwe mpaka achire. Chifukwa chake n'chomveka, mwana wotsegula m'mimba timamupatsa Thanzi ndi zakumwa zambiri ndipo n'zoyenera kutero, koma sungamamwetse mwana madzi ambiri uku watseka mpopi. Bola anyowetse bulangete masiku atatu. Ngakhale tsiku limene wapita kokasambira kunyanja ku Nkhata Bay mpaka madzulo n'kumameza madzi, mabuku amachenjeza zomwezo.

Milingo yake, ya ana okodza pogona amayamba ndi pilisi la 200 micrograms pogona, ngati sizikusintha adokotala amatha kukweza kufika 400. Palinso mtundu wina woika kunsi kwa lilime umene umasungunuka wokha, umenewo amayamba ndi 120 mpaka 240. Manambalawa amasiyana ndiye osasinthanitsa mitundu iwiriyi mwachisawawa. Sapatsa mwana wosakwana zaka 5. Pakatha miyezi 3 amaimitsa kwa sabata imodzi kuti aone ngati mwana wasiya yekha. Ndikulemba izi kuti anzanga a m'kalasi tikumbutsane, osati kuti munthu akagule yekha n'kuyamba kupatsa mwana, ndikupemphani ndithu. Palinso desmopressin wopopera m'mphuno, koma kwa ana okodza pogona anamuletsa, ku America bungwe loyang'anira mankhwala la FDA linachotsa ntchito imeneyi mu 2007 ataona kuti ana ena sodium amatsika mpaka kuphupha.

Koma tisanafike n'komwe pa mankhwala pali zofunika kufufuza. Mwana amene anali atasiya kale kenako wayambiranso, ameneyo ndi nkhani ina. Yezani mkodzo, mwina ndi matenda a m'njira ya mkodzo, mwina ndi shuga, ndipo shuga wa ana sachedwa kupha. Funsani ngati amadzimbidwa chifukwa chimbudzi chikadzadza chimapanikiza chikhodzodzo. Kwa ana ochokera kunyanja osaiwala likodzo, komanso ana a sickle cell impso zawo zimalephera kusunga madzi bwino ndiye amakodza pafupipafupi. Ndiponso mwina kunyumba kwachitika zina zimene zamusokoneza mwana maganizo. Desmopressin sachiritsa kukodza pogona, amangochepetsa mkodzo usiku umene wamwa, ana ambiri akasiya amayambiranso. Komabe kwa mwana amene akupita kusukulu yogonera komweko, kapena kukagona kwa achibale patchuthi, usiku wouma ndi chinthu chachikulu zedi, wina asachipeputse.

Tsopano mbali yachiwiri ndi imene inandizunguza mutu masiku awiri, ya matenda ena amene desmopressin amagwiranso ntchito, a diabetes insipidus. Dzinali limapusitsa chifukwa aliyense akamva diabetes amaganiza matenda a shuga, pamene apa shuga mulibemo. Kufanana kwake n'kwakuti onse awiri munthu amakodza kwambiri ndi kumva ludzu losatha, koma wa insipidus mkodzo wake umakhala woyera ngati madzi a pampopi. Munthu wamkulu akamakodza kupitirira malita 3 patsiku timati wadutsa muyezo, ndiye odwala ena amafika malita 15 kapena 20, tangoganizani chigubu chonse chija, usiku osagona kumangodzuka kumwa ndi kukodza. Chifukwa cha chisokonezo cha dzinali mu 2022 akatswiri anagwirizana zolisintha, pano mabuku atsopano akulemba arginine vasopressin deficiency ndi arginine vasopressin resistance.

Mayina awiriwa akuthandiza chifukwa matendawa alidi pawiri. Poyamba ndi pamene ubongo sukutulutsa hormone ija, mwina munthu anavulala m'mutu pangozi, monga zimachitikira pa kabaza wa njinga zamoto popanda chipewa, mwina chotupa, opaleshoni ya pituitary kapena matenda oumitsa khosi kuphatikizapo a TB. Apa desmopressin amagwira bwino kwambiri chifukwa akulowa m'malo mwa chimene chikusowa. Kachiwiri ndi pamene hormone ilipo koma impso sizikuimvera, monga zimachitikira ena amene amwa lithium, mankhwala a matenda a maganizo, nthawi yaitali, apa desmopressin sathandiza kwenikweni. Funso limeneli ndikuliona likubwera pamayeso.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi ichi. Kwa mwana wokodza pogona, ukakayika umangosiya osamupatsa, palibe chimene chionongeke kupatula zofunda. Koma kwa wodwala amene ubongo wake sutulutsa hormone, mankhwala omwewa ndi moyo wake. Ali bwinobwino kunyumba amadziteteza yekha pomwa madzi akamva ludzu. Tsono tiyerekeze wagonekedwa m'wodi, wakomoka kapena adokotala alamula kuti asadye asamwe poyembekezera opaleshoni, ndiye nesi waona pa fayilo desmopressin n'kuganiza kuti ndi kamankhwala kongochepetsa mkodzo kangadikire mawa, kapena waona mawu oti diabetes n'kuthamangira kuyeza shuga basi. Munthuyo amataya madzi malita ndi malita m'maola ochepa, sodium amakwera, amauma mpaka kumwalira. Ku England a NHS, amene amayendetsa zipatala za boma, anachita kutulutsa chenjezo mu 2016 pa nkhani yodumphitsa mankhwala amenewa m'zipatala, ndiye si nkhani yongopeka. Mankhwala amodzi, koma kwa uyu cholakwa ndi kupereka pamodzi ndi madzi ambiri, kwa uyo cholakwa ndi kusapereka. Ndinakhala chete kaye nditawerenga zimenezi chifukwa ndinadziona ndekha pa nayiti, wodi yodzadza, ndili wotopa, ndipo ndikanatha kulakwitsa chimodzimodzi.

Wodwala wotereyu nayenso madzi akhoza kumuchulukira. Ambiri anazolowera kuyenda ndi botolo kwa zaka, ndiye akayamba mankhwala dzanja limangopitabe ku botolo mwachizolowezi. Uphungu wake ndi woti azimwa akamva ludzu basi, osati chifukwa wina wanena kuti madzi ambiri ndi abwino. Ifeyo a zaumoyo mawu oti muzimwa madzi ambiri timangowatulutsa kwa aliyense ngati moni, apa tiyenera kugwira pakamwa. Akuluakulu nthawi zambiri amayamba ndi 100 micrograms katatu patsiku kenako adokotala amasintha poona mkodzo ndi sodium. Madokotala ena amauza odwala kuti kamodzi pasabata azichedwetsa dozi imodzi mpaka mkodzo utuluke wambiri kuti madzi osungika achoke, koma zimenezo ndi zogwirizana ndi adokotala ake. M'wodi ntchito yathu ndi kulemba moona madzi olowa ndi otuluka, kumukweza pa sikelo tsiku lililonse, ndi kuonetsetsa kuti magazi apita ku labu. Sikelo ikakwera mwadzidzidzi amenewo ndi madzi, si nsima.

Wogwiritsa ntchito wopopera m'mphuno pa matenda amenewa adziwe kuti chimfine chikatseka mphuno mankhwala salowa bwino, ndipo kuno nyengo ino chimfine chili paliponse. Mitundu ina imafuna kusungidwa m'firiji ndiye werengani pa katoni, muganizirenso za kuthima kwa magetsi.

Mankhwala ena amawonjezera chiopsezo cha sodium kutsika akaphatikizana ndi desmopressin: ibuprofen ndi indomethacin amene anthu amangogula akamva kupweteka, carbamazepine wa khunyu, ndi a matenda a maganizo monga amitriptyline, fluoxetine ndi chlorpromazine. Loperamide woletsa kutsegula m'mimba amachititsa kuti desmopressin wakumwa achuluke m'magazi. Anthu amene mtima wawo ukulephera kupopa bwino, amene akumwa mapilisi okodzetsa, a vuto la impso, ndi amene sodium wawo ndi wotsika kale, amenewa si oyenera. Agogo opitirira zaka 65 sodium wawo sachedwa kutsika ndiye pamafunika kusamala kwambiri. Choncho kufunsa kuti kodi pali mankhwala ena amene mukumwa, ngakhale ogula pa golosale, si mwambo chabe.

Dzulo madzulo ndinamuimbira mng'ono wanga uja, pano ndi bambo wa ana awiri. Sitinayambe talankhulapo za mphasa ija chikhalire. Ndinamufotokozera za hormone imene imachuluka usiku, ndinamuuza kuti sunali ulesi, ndipo ndinapepesa chifukwa cha mayina amene ndinkamuitana. Anakhala chete kanthawi kenako anandiuza kuti mwana wake woyamba, wa zaka 7, nayenso zikumuchitikira ndipo amayi ake atopa n'kuchapa. Zimayendadi m'magazi, kholo likakhala kuti linkakodza pogona mwana amathanso kutengera. Tagwirizana kuti Loweruka abwere naye mtauni tikayambe ndi kuyezetsa mkodzo, ndipo ndamuuza kuti kufikira tsikulo wina aliyense pakhomopo asamukalipire mwanayo.