Sabata imene uthenga umodzi unadula anthu ndalama katatu

Papita miyezi 7 chisamutsidwire ine ku gulu loyang'anira middleware, mapulogalamu olumikiza makina osiyanasiyana, pa banki ina muno mu Blantyre, ndipo sabata yathayi yandionetsa poyera kuti ntchitoyi ndikuiphunzirira pa ndalama za eni ake. Anzanga amene muli pa ntchito yomweyi mukudziwa kale kuti ife timakhala pakati: foni ya kasitomala ili mbali ino, makina osunga maakaunti ali mbali inayo, ndipo kunjako kuli ogulitsa mayunitsi a magetsi ndi madzi. Kwathu timagwiritsa ntchito pulogalamu ya Oracle SOA Suite, ndipo ndondomeko zathu, zouza makina masitepe oti atsatire, timazilemba m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa BPEL, chimene mtundu wake wa 2.0 unavomerezedwa mu 2007 ndi OASIS, bungwe lokhazikitsa miyezo ya mapulogalamu. Ndatchula chakacho chifukwa achinyamata ongochoka kumene ku koleji amabwera atazolowera njira zatsopano zotumizirana mauthenga pakati pa makina monga JSON ndi REST, ndipo akaona XML, WSDL ndi XSLT zimene BPEL imayendera amaziyesa zinthu zachikale zosafunika kuzidziwa mozama, chonsecho malipiro a anthu akudutsabe momwemo. Inenso ndinabwera ndi maganizo amenewo.

Kuyambira Lolemba mpaka Lachitatu panalibe chachilendo. Ndinakonza XSLT ina, fayilo yosinthira kalembedwe ka uthenga kuti makina ena aumve, imene inkasokoneza kalembedwe ka madeti, ndinatsitsa mauthenga amene anaunjikana pa mzere wodikirira (queue) usiku netiweki itaduka, ndipo nthawi yotsalayo ndinaithera kudikira JDeveloper, pulogalamu imene timalemberamo ndondomeko, kuti itseguke pa laputopu ya 8 GB imene ndinapatsidwa. Lachiwiri madzulo tinaika pa seva ndondomeko yatsopano yogulira mayunitsi a magetsi pa foni, yoyamba imene ndinailemba ndekha kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndipo ndinaweruka mtima uli m'malo.

Ndondomekoyo ndi yaifupi. Imalandira pempho kuchokera ku foni, imauza makina a maakaunti kuti adule ndalama, imapempha nambala ya mayunitsi kwa wogulitsa, kenako imatumiza manambala 20 aja kwa kasitomala. Pofuna kuti pempho lisafere m'njira makina akachedwa kuyankha, ndinalemba mu fault policy, malamulo a zochita zinthu zikalephereka, kuti yankho likapanda kubwera m'masekondi 30 uthengawo utumizidwenso, mpaka kawiri. Poyesa zonse zinayenda bwino, ndipo mkulu wathu anasayina.

Lachinayi linali tsiku la malipiro a kumapeto kwa mwezi. Cha m'ma 10 koloko m'mawa makina a maakaunti analemedwa ndi mafayilo a malipiro, nayamba kuyankha mochedwa. Ndalama ankadula ndithu, koma yankho lonena kuti adula linkafika masekondi 30 atadutsa kale. Ndondomeko yanga inkaona ngati palibe chachitika, n'kutumizanso pempho lomwelo, ndipo makinawo ankalilandira monga latsopano n'kudulanso. Ena anadulidwa kawiri, ena katatu, koma mayunitsi analandira kamodzi kokha, ndipo analipo ena amene maulendo onse atatu analephera kupeza yankho, moti anadulidwa katatu osalandira kanthu.

Ndinamva za vutoli pamene mnzathu wa ku kauntala anakwera yekha masitepe kudzandiitana, chifukwa foni za ku ofesi yolandira madandaulo zinali zosalowereka. Pansipo panali mayi wina wa ku Ndirande amene amagulitsa zoziziritsa kukhosi, ndipo firiji yake imadalira mayunitsi omwewo. Anandionetsa foni yake yosweka galasi, mmene munali mauthenga atatu otsatizana, uliwonse wonena kuti K10,000 yachotsedwa, popanda nambala ya mayunitsi ngakhale imodzi. Sanakalipe. Anangoti, "Achimwene, ndalama imeneyi ndi mpamba wanga, ndiye mundiuze ngati ndipite ndikazimitse firiji kapena ndidikire." Ndinayankha kuti, "Pepani amayi, ndalama yanu sinatayike, ibwerera lero lomwe," ngakhale kuti pa nthawiyo njira yoibwezera ndinali ndisanaipeze.

Nditabwerera pa desiki ndinatsegula flow trace, mbiri ya mmene pempho layendera, mu pulogalamu yoyang'anira seva ya Enterprise Manager ndi kufufuza pempho la mayiwo. Panali mizere itatu yofiira ya invoke yomweyo, sitepe yotumiza pempho lodula ndalama, yotalikirana pang'ono, ndipo nditatsegula XML ya uliwonse ndinapeza kuti malo a nambala yozindikiritsa pempho anali opanda kanthu. Mu schema ya makina a maakaunti, chikalata chonena zoyenera kukhala mu uthenga, malowo analembedwa minOccurs="0", kutanthauza kuti ukhoza kuwasiya, ndipo ine ndinawasiya polemba XSLT. Nambala imeneyo ikanakhalapo, makinawo akanazindikira kuti pempholo analichita kale n'kukana kudulanso. Cholakwa chachiwiri chinali chakuti chigawo cha ndondomeko (scope) chodula ndalama chinalibe compensation handler, gawo limene BPEL inaliika dala kuti ntchito yomalizidwa kale ibwezedwe ngati sitepe yotsatira yalephera. Mawu akuti idempotency, onena kuti pempho limodzi likabwerezedwa kangapo zotsatira zake zikhale ngati lachitika kamodzi kokha, ndinali nditawawerenga kangapo, koma tanthauzo lake ndinalimva tsiku limenelo.

Cholakwacho ndi changa ndipo sindikuchikana. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma chimene chikundipweteka n'chakuti panalibe womufunsa. Akatswiri ochokera kunja amene anaika makinawa anakhala masabata ochepa, nasiya chikalata chofotokoza mmene anawaikira, osati mmene tiyenera kulembera ndondomeko zosunga ndalama za anthu. Maphunziro amene tinalonjezedwa anachotsedwa pa bajeti, ndipo chifukwa chimene timauzidwa n'chakuti chitsikire kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chiyenera kudikira. Komabe layisensi ya makinawa imalipidwa chaka ndi chaka popanda kudikira. Sindimvetsa nzeru yogula makina odula chonchi n'kukana kuphunzitsa anthu atatu amene amawagwira. Mwa atatufe, mkulu wathu yekha ndiye anaphunzirapo BPEL m'kalasi, ndipo iyeyo amakhala m'misonkhano pafupifupi tsiku lonse, kotero kuti kusayina kwake kumakhala kongoyang'ana pamwamba.

Nkhani ina ndi ya malo oyeserapo. Chimene timachitcha seva yoyesera ndi kapulogalamu kongoyerekeza makina a maakaunti, kamene kamayankha kuti zatheka nthawi zonse sekondi imodzi isanathe. Sikachedwa, sikaduka, sikakana. Ndondomeko yoyesedwa pa chinthu chotere imakumana ndi tsiku la malipiro kwa nthawi yoyamba ili kale pakati pa makasitomala. Pempho loti tikhale ndi makina oyeserapo ofanana ndi enieniwo tinalipereka kalekale, ndipo nthawi iliyonse timayankhidwa kuti likuunikidwa.

Tinaimitsa ndondomekoyo nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Mkulu wathu anatuluka mu msonkhano, nakoka mpando kukhala pambali panga, ndipo sanandinyoze ngakhale pang'ono. Anati, "Achimwene, tiyambe tabweza ndalama za anthu, za amene walakwa tikambirana mawa." Tinatulutsa mndandanda wa mapempho onse amene anatumizidwa kopitirira kamodzi, anzathu a ku akaunti anauyerekeza ndi zimene zinadulidwadi komanso ndi mayunitsi amene wogulitsa anatulutsa, ndipo kubweza kunachitika pamanja, akaunti imodzi imodzi. Ya mayi a ku Ndirande ndinapempha kuti ikhale m'gulu loyamba. Tinatuluka mu ofesi 9 koloko usiku itadutsa, ma minibasi atasiya kuyenda.

Lachisanu ndinalembanso ndondomeko yonse. Tsopano nambala yozindikiritsa pempho imapangidwa kamodzi pachiyambi ndipo imayenda ndi uthengawo mpaka kumapeto. Yankho likachedwa, ndondomeko situmizanso pempho lodula ndalama mwachimbulimbuli, koma imayamba yafunsa makina a maakaunti ngati nambala imeneyo yadulidwa kale. Ngati wogulitsa walephera kupereka mayunitsi, compensation handler imabweza ndalamayo yokha ndipo kasitomala amauzidwa. Kapulogalamu koyeserako ndinakasintha ndekha kuti nthawi zina kazichedwa masekondi 45 ndipo nthawi zina kazingokhala chete, ndipo ndondomeko yatsopanoyo inapirira zonsezo popanda kudula munthu kawiri. Apa ndikunyadira, chifukwa palibe amene anandiphunzitsa zimenezi kupatula zolembedwa za BPEL zimene ndinawerenga usiku wa Lachinayi tulo titakana.

Pa msonkhano wa Lachisanu madzulo, lipoti la akuluakulu linati vutolo linabwera chifukwa cha kulakwitsa kwa wogwira ntchito. Ndinapempha mwaulemu kuti alembemonso za seva yoyesera ndi za maphunziro amene anachotsedwa, ndipo a bwana anati zimenezo ndi za msonkhano wina. Nditabwerera pa desiki ndinatsegula ndondomeko zina zimene tinazipeza zitalembedwa kale, za madzi ndi za fizi ya sukulu, ndipo ziwiri mwa izo zili ndi lamulo lotumizanso pempho (retry) lofanana ndi langa lija, malo a nambala ali opanda kanthu. Ndalemba kalata yopempha kuti tizikonze malipiro a mwezi wamawa asanafike, ndipo Lolemba m'mawa ndikaipereka pamanja.