Kukonza ubweya wosapota musanaluke chibulangete ndi manja

Ubweya umene timalukira zibulangete zikuluzikulu umabwera utangopesedwa koma osapotedwa, chichingwe chofewa chonenepa ngati mkono. Ukangolukidwa mmene wabwereramo, bulangete limakongola masiku ochepa, kenako limayamba kuthothoka ndi kutuluka timibulu. N'chifukwa chake sindiluka ndisanaulimbitse.

Ndimagula wa nkhosa za merino, koma ndimapewa umene alembapo kuti superwash, chifukwa umenewo anauthira mankhwala oti usamagwirane. Bulangete la masentimita 100 m'lifupi ndi 130 m'litali limadya makilogalamu pafupifupi 3, ndipo ndimaonjezera theka la kilogalamu poti ubweya umafupika ukalimbitsidwa.

Ndisanaugwire ndimavula mphete ndi kusalaza zikhadabo. Kenako ndimaugawa m'zigawo za kilogalamu imodzi imodzi. Sizasi ayi. Ndimaugwira manja atatalikirana masentimita 25 n'kukoka pang'onopang'ono mpaka utalekana. Tsitsi limodzi la merino nthawi zambiri silipitirira masentimita 10, ndiye manja akayandikana mumakhala mukukoka tsitsi lomwelo mbali zonse ziwiri ndipo ubweyawo sulekana. Komanso nsonga yodula ndi sizasi imavuta kulumikiza.

Chigawo chilichonse ndimachiyala pa nsalu yakale ya pabedi, m'mizere yopita ndi kubwerera, mizereyo italekana masentimita 5. Apa m'pofunika kusamala kwambiri: mizere ikakhudzana imamatana, ndipo poilekanitsa ubweya umang'ambika. Ndimakulunga nsaluyo kuyambira mbali imodzi kuti mzere uliwonse ukhale m'khwinya lakelake, n'kumanga ndi tizingwe pa masentimita 15 aliwonse.

Mpukutuwo ndimaunyowetsa ndi madzi ofunda amene dzanja likupirira, muli sopo pang'ono chabe, n'kuugubuduza patebulo uku ndikukanikiza kwa mphindi 5. Tsitsi lililonse la ubweya lili ndi timamba tosaoneka ndi maso. Kutentha, chinyezi ndi kukhuzana zimachititsa timambato kukolana, ndipo zikakolana sizibwereranso. Choncho ndimamasula nsonga imodzi n'kutsina pamwamba. Tsitsi likamanyamuka mosavuta, ndimagubuduzanso mphindi 2 kapena 3. Likakana kunyamuka koma mkati muli mofewabe, basi ndasiya. Mukapyola apa ubweya umauma gwa, umaonda, ndipo bulangete lake silifunditsa bwino. Amene akufuna kugwiritsa ntchito makina ochapira ayambe ayesa kachidutswa ka mita imodzi, chifukwa makina amalimbitsa msanga kuposa manja.

Ndimatsukuluza ndi madzi ofunda chimodzimodzi, poti ozizira mwadzidzidzi amaulimbitsa mopitirira. Sindipotokola pofinya, ndimangoukanikiza m'thaulo louma. Ndimauyanika chogoneka pamthunzi podutsa mphepo, osati pachingwe, chifukwa ubweya wonyowa umalemera ndipo umatamuka n'kuonda malo ena. Uume mpaka mkati, apo ayi umanunkha.

Polumikiza zigawo sindimanga mfundo, imaonekera ndipo imabaya pogona. Ndimamasula nsonga ziwirizo, n'kuchotsako theka la kunenepa kwa iliyonse, kuzisanjikiza masentimita 20, kunyowetsa pang'ono ndi kuzipukusa m'zikhatho mpaka zitatentha. Ndimakoka pang'ono kuti ndione ngati zagwirana, ndipo zikalekana ndimabwereza.

Pomaliza ndimaukulunga mpira waukulu wosathina, n'kuuika m'beseni loyera pambali pa malo olukira kuti uzimasuka wokha osakokedwa.