Kuwerengera matenda oiwalaiwala m'banja pamene abale ambiri sanakalambe

Mwezi uno pa phunziro la sitatistiki takhala pa funso limodzi: agogo akadwala matenda oiwalaiwala atakalamba, kodi ana ndi adzukulu awo ali pachiopsezo chotani? Matenda oiwalaiwala amene dokotala Alois Alzheimer anafotokoza mu 1906 akayamba munthu asanafike zaka 65, nthawi zina amatsata jini imodzi (kachigawo ka chibadwa kochokera kwa makolo), monga APP, PSEN1 kapena PSEN2, ndipo mzere wake m'banja umaoneka. Oyamba mochedwa sali choncho. Mu 1993 gulu la Allen Roses ku Duke University linasonyeza kuti e4, mtundu wina wa jini ya APOE ya pa kromozomu 19, imakweza chiopsezo, komabe ambiri amene ali nayo sadwala, ndipo odwala ena alibe n'komwe.

Chimene chandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya amene anamwalira msanga. Tinene kuti m'mimba imodzi munabadwa ana 8. Awiri anadwala atakalamba, anayi anamwalira asanafike zaka 60. Ukafulumira unena kuti odwala ndi awiri mwa 8. Koma amalume amene anapita ndi chifuwa chachikulu ali ndi zaka 48 sungawalembe kuti analibe matendawa, chifukwa sanafike msinkhu umene amaonekera. Mwa amene anakalamba, odwala ndi theka. Njira ya Kaplan ndi Meier ya mu 1958 imakonza zimenezi: munthu aliyense amawerengedwa mpaka zaka zimene anali nazo pomwalira kapena pamene tinamuona komaliza ali bwino, kenako amachotsedwa pa gulu la amene angadwale. Njira ya Cox ya mu 1972 imalola kuwonjezerapo zina, monga e4 ija, zaka za sukulu, ndiponso ngati ndi mayi kapena bambo.

Masamu onsewa amadalira zaka zenizeni za munthu, ndipo kwathu kuno vuto lili pamenepo. Ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, okalamba ambiri alibe kalata yobadwira yodalirika. Nkhondo ya 1977 mpaka 1992 inamwaza mabanja, ena anathawira ku Dedza ndi Ntcheu osabwereranso. Wofunsa ayenera kuleza mtima: "Agogo, pamene ankamanga damu la Cahora Bassa munali mutakwatiwa? Nanga ufulu wa 1975 unakupezani ndi ana angati?" Zaka zopezeka motere ndi zoyerekeza, ndipo lipoti liyenera kunena zimenezo poyera.

Palinso chikamwini. Timadziwa bwino mbumba ya kuchikazi, koma za azakhali ndi agogo akuchimuna zimaiwalika, pamene mwana amatenga theka la chibadwa kwa atate. Mndandanda woterewu ungatinamize kuti matendawa amadzera kwa amayi okha. Ndipo zimandipweteka kuti gogo wosochera usiku ena amamunena ufiti, choncho abale amabisa, ndiye m'kaundula amalowa ngati wabwinobwino.

Kafukufuku woyerekeza Ayoruba a ku Ibadan ku Nigeria ndi anthu akuda a ku Indianapolis ku America anapeza kuti e4 siinali yamphamvu mofanana m'magulu awiriwa. N'chifukwa chake sindikufuna kuti ziwerengero za ku Ulaya tizingozitenga n'kuuza nazo banja la ku Ulónguè ku Angónia. Pa ntchito yanga ya kumapeto kwa chaka ndikukonza mafunso ofunsa mbali zonse ziwiri za banja, ndipo m'bale aliyense womwalira azilembedwa ndi zaka zake pomwalira komanso chimene chinamutenga.