Njala ya nsima ndi nkhuli kwa amene ayamba kudya zaziwisi zokhazokha

Ambiri amene amasiya nyama, mazira, mkaka ndi zophika zonse n'kuyamba kudya zomera zaziwisi amagonja msanga, ndipo amadzida kuti alibe mtima wopirira. Kawirikawiri vuto silikhala mtima ayi. Amakhala akudya mochepa kwambiri osadziwa, chifukwa masamba amadzaza mimba koma mphamvu zake n'zochepa.

Munthu wamkulu amafunika makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pakati pa 2,000 ndi 2,500 pa tsiku, ndipo wolima kapena wopalasa njinga yonyamula anthu amafunika oposa apo. Nsima ya ufa wa magalamu 150 imapatsa makalori oposa 500. Kuti mupeze omwewo mu kabichi muyenera kutafuna makilogalamu awiri. Mu nthochi, zisanu kapena zisanu ndi imodzi zazikulu bwino. Ndiye amene wadya mbale ya kabichi ndi matimati masana, n'kuyamba kulota nsima ya kapenta dzuwa likupendeka, ali ndi njala basi. Mankhwala ake n'kuwonjezera zakudya zolemera, ndipo kuno kum'mawa kwa Zambia tili nazo: nshawa, kotapela, nthangala za mpendadzuwa, nthanga za maungu, chitowe, nthochi ndi mbatata.

Nshawa ndiye msana wa kadyedwe kameneka. Magalamu 100 ali ndi makalori oposa 550 ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 25. Theka la kapu pa tsiku ndi poyambira pabwino. Ziviikeni m'madzi oyera usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muzitsuke n'kudya tsiku lomwelo, chifukwa nshawa zonyowa zikagona zimachita chuku. Posankha musachite ulesi: zofota, zosweka, zakuda kapena zowawa tayani. Poizoni wa chuku, aflatoxin, amawononga chiwindi ndipo sachoka ndi kuviika.

Tsiku likhoza kuyenda chonchi. M'mawa nthochi zitatu, theka la papaya ndi nshawa zodzaza dzanja. Masana mbatata imodzi yopala bwino n'kuikwecha ngati karoti, kabichi kapena repu wodula mopyapyala, matimati awiri, anyezi pang'ono ndi kotapela wathunthu. Masambawo muwathire mchere ndi madzi a mandimu, muwafikise ndi manja mpaka afote, adikire mphindi 15. Akatero amatafunika mosavuta ndipo mumadya ochuluka. Madzulo bwerezani, koma muthire nsinjiro zosungunula ndi madzi pang'ono, mandimu ndi tsabola. Pakati pa zakudyazi musayende chimanjamanja. Njala ikakupezani pa msika wa Kapata ku Chipata mutayima pafupi ndi chiwaya, nthochi ziwiri za m'chikwama ndi zimene zingakupulumutseni.

Kulakalaka kwina sikuchokera ku njala. Nkhuli nthawi zambiri imafuna mafuta ndi mchere, ndipo kotapela wowaza mchere ndi tsabola amaiziziritsa kuposa chipatso chotsekemera chilichonse. Matimati odula n'kuyanika padzuwa masiku angapo, mutawaphimba ndi kansalu kuti ntchentche zisatere, amakhala ndi kakomedwe kakuya kofanana ndi ka ndiwo zophika. Mcherewo musausiye, ndipo ukhale wa ayodini. Ena amauchotsa poganiza kuti akuyeretsa thupi, mapeto ake ndi chizungulire ndi mutu m'dzuwa la Okutobala.

Palinso kufuna chakudya chotentha, kumene kumakula mu Juni ndi Julayi. Otsatira kadyedweka amati chakudya n'chachiwisi ngati sichinatenthe kupyola madigiri 46 mpaka 48, choncho kufunditsa n'kololedwa: ufa wa malambe wosungunula m'madzi ofunda, kusakaniza ndi nthochi yokanya ndi nsinjiro, umalowa m'malo mwa phala. Komabe kuyamba m'miyezi yozizira n'kudzivuta. Yambani mu Novembala kapena Disembala, mango ndi masuku zili mbwee, kenako kubwere mondokwa wanthete wamkaka amene amadyeka wosawotcha.

Musasinthe tsiku limodzi. Mlungu woyamba sinthani cha m'mawa chokha, wachiwiri muwonjeze cha masana. Matumbo amafuna nthawi kuti azolowere zakudya zagaga zochuluka chonchi, ndipo wosintha mothamanga amadzimbidwa, mimba kufufuma, mphweya wosaleka, mwinanso kutsegula. Tafunani mpaka zisalale, muzimwa madzi. Tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba, ndiye mutalikitseni ndi chakudya. Mandimu, magwafa ndi malambe ndi zimene zimathandiza.

Zina sizidyedwa zaziwisi zivute zitani. Nyemba zouma, makamaka zofiira, zili ndi poizoni amene amafa ndi kuwiritsa kokha, ndipo zinayi kapena zisanu zokha zoviika zingakusanzitseni. Soya nayenso aphikidwe. Chinangwa chowawa ndi chigwada zili ndi poizoni wotchedwa cyanide. Bowa wa m'tchire ndi mbatatesi, makamaka zobiriwira khungu, zisiyeni. Ngati mukufuna zomeretsa, mphodza ndiye wosavuta: viikani maola 8 mpaka 12, khetsani, muzitsukuluza kawiri pa tsiku, pa tsiku lachitatu timizu tatuluka. Akayamba kunanda kapena kununkha, tayani yense.

Popeza palibe moto wopha tizilombo, ukhondo wonse uli pa madzi. Masamba a m'dimba amathiridwa manyowa ndi madzi a mumtsinje. Tsukani tsamba lililonse palokha ndi madzi owiritsa kapena othira klorini, ndipo chosendeka chisendeni. Kolera ikamveka m'dera lanu, bwererani ku zophika osazengereza.

Vitamini B12 simungamudalire kuchokera ku chomera chilichonse. Wamkulu amafunika mamaikrogalamu 2.4 pa tsiku, ndipo njira yake ndi mapiritsi a ku famase. Choopsa chake n'chakuti chiwindi chimasunga wa zaka zingapo, ndiye munthu amadzimva bwino mpaka dzanzi la m'mapazi, kuiwalaiwala ndi kuchepa magazi zitayamba. Kafukufuku wa ku Germany wa 1999 anapeza kuti mwa amayi osafika zaka 45 amene anakhalitsa pa zaziwisi, pafupifupi atatu mwa khumi alionse anali ndi msambo wodukiza kapena woimiratu. Mudziyeze sikelo mlungu uliwonse, ndipo ikamangotsika, wonjezani chakudya. Ana, amayi apakati ndi oyamwitsa kadyedwe aka sikawayenera. A matenda a shuga, a impso, a TB ndi omwa ma ARV ayambe aonana ndi a kuchipatala.

Kwa ambiri, kupitiriza kudya chakudya chimodzi chophika pa tsiku, monga nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nkhwani wotendera, n'kwanzeru kuposa kukakamira zaziwisi zokhazokha. Mapuloteni ndi mphamvu zimakwanira mosavuta, ndalama za zipatso zimachepa, ndipo pa maliro kapena kwa apongozi simusowa chotola m'mbale akakupatsani madzi osamba m'manja.