Loweruka: kusakira boti la malemu bambo pogona

Ndadzuka 4 koloko mwera ukuwomba malata ngati wina akugogoda. June ndi wotero ku Mangochi kuno. Ukaumva usanache, dziwiratu kuti a usipa abwera chimanjamanja.

Chandibweretsa ndi boti. Matabwa ake ndi a mkungudza wa ku Mulanje, nthiti za mlombwa, misomali ya mkuwa. Bambo analigula ine ndisanabadwe, ndipo chimwalirireni iwo lakhala pamchenga kuseri kwa nyumba ya azakhali, zaka ziwiri tsopano. Ine kutauni kuja ndinkadziyamikira kuti ndalisunga pouma.

A mmisiri anafika dzuwa litangotuluka. Ndi mkulu amene anaphunzira zokhoma maboti ku Mpwepwe, sachedwa ndi malonje. Anazungulira kawiri, natulutsa kampeni, nkukalowetsa pakati pa matabwa awiri. Kanatulukira mkati osagunda kanthu.

"Mwana wanga, boti si kabati. Thabwa likauma limachepa, likamwa madzi limafufuma nkutseka mipata lokha. Inu mwalipha ndi ludzu."

Kumbuyo, pamene madzi a mvula ankadikha, anasindikiza chala ndipo chinalowa ngati mu mbatata yophika. Ndiye onani, mbali ina lafa ndi dzuwa, mbali ina lawola ndi mvula. Ndinafunsa ngati tingapeze thabwa lina la mkungudza. Anangoseka. Mtengowu unalengezedwa kuti ndi wa fuko mu 1984, koma paphiri paja macheka anaumaliza, ndipo amene angakugulitse lero ndiye kuti akukusakira milandu. Tiikapo mlombwa basi. Mtima unandiwawabe, chifukwa anapala pang'ono penti, fungo la mkungudza lija nkubuka, lomwe lija linkakhala pa malaya a bambo.

Kukonza akuti akonza. Nkhani ndi yakuti likakonzedwa lizikhala kuti. Msuweni wanga wa ku Durban amanditumizira zithunzi pa WhatsApp, maboti ali ndondondo, lililonse pamalo pake, pali magetsi ndi mpopi. Mbali ino ya nyanja zimenezo usaziyembekezere. Chathu chabwino nchakuti m'madzi opanda mcherewa mulibe tinyongolotsi tija timaboola matabwa kunyanja zamchere.

Tinayambira pa loji ina m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay. Kapinga wometa bwino, jeti yokochezapo maboti yatsopano mbee, chifukwa yakale inamira nyanja itasefukira mu 2024. A manijala anatilandira ndi ulemu wonse, koma mtengo anautchula m'madola, ine nkumeza malovu. A mmisiri sankamvetsera nkomwe. Anali ataima kumapeto kwa jeti, akuyang'ana mafunde akumenyetsa maboti a faibala ku matayala omangirira pa nsanamira. Gombe lonselo mwera umalipeza maso ndi maso.

"Awa apirira. Lathu sabata imodzi misomali yonse igwedera," anandinong'oneza. Kenaka mokweza: "Bwana, nanga lizikapidwa ndi ndani m'mawa?"

Manijala uja anati alipo alonda, koma imeneyo si ntchito yawo. Tinatsanzika.

Ku Monkey Bay madzi anali phee ngati m'beseni, mapiri atatchinga mbali zonse. Amene anasankha dokoli ankaidziwa nyanja. Ilala sitinaipeze, inanyamuka dzulo Lachisanu kupita kumpoto. Yayenda panyanjayi kuyambira 1951, ndiye boti la bambo ndi mwana kwa iyo. Koma malo abwino pamenepo ali ndi eni ake, a sitima, asilikali a pamadzi, a zansomba, ndipo munthu sungangofika nkuponya nangula. Loweruka maofesi otseka. Tinadya chipisi ndi utaka wokazinga nkupitirira.

Ku Chembe ndi kumene tinakhalitsa. Gombe lija linafulatira mwera, mphepo imadutsa pamwamba pa mapiri, ndipo kutsogolo kuli zilumba za Domwe ndi Thumbi. Ana akusambira, amayi akutsuka mbale, pomwe kumene tachokera nyanja ikuchita thovu. Ndinayamba kusangalala, a mmisiri nkundidula kuti ndidikire mpoto wa nthawi ya dzinja, umene umalowa pomwepo mosagogoda, nthawi zina pakati pa usiku.

Apa mpamene ndinazindikira kuti mkuluyu anali ndi pulani yake kuchokera m'mawa. Ali ndi mphwake pamudzipo, msodzi, nyumba yake ili poti ukhoza kuona boti uli pakhonde. Mnyamatayo anabwera akupukuta manja ku kabudula, nagwada popereka moni.

"Amalume anandiuza kale, achimwene. Ndizilikapa m'mawa uliwonse. Mpoto ukayamba kununkha ndiitana anzanga tilikokere kumtunda, tiliphimbe, mphepo ikatha libwerere m'madzi."

Ndalama sakufuna. Akufuna azitengera alendo ku Thumbi kukaona nsomba za mbuna ndi kukaponyera nkhwazi nsomba, masiku amene ine kulibe. Kunena zoona ine kulibe masiku ambiri. Koma bambo boti ili sankabwereka munthu, ngakhale alamu awo enieni, ndipo ndinaona m'maganizo azungu akukwera ndi mchenga kumapazi, wina atakhalira pa thabwa la bambo lija. Ndinati ndikaganize. A mmisiri anayang'ana kumbali, nanena chapansipansi kuti zaka ziwiri ndakhala ndikuganiza.

Ndavomera tili m'galimoto, tisanafike nkomwe pamphambano ya ku Monkey Bay. Ndangoikapo ziwiri: lisanyamule anthu opitirira asanu ndi mmodzi, ndipo injini yaikulu isamangidwepo, chifukwa thabwa la kumbuyo silingathe.

Madzulo ano azakhali amva nkhaniyi akusenda chinangwa, sanayankhe kanthu. Patapita nthawi analowa m'nyumba nkutuluka ndi chigubu chodula pakamwa, chija bambo ankakapira madzi, chingwe chake chikadalipo. Akuti ndikampatse mnyamatayo.

Mawa 6 koloko a mmisiri abwera ndi thonje ndi phula. Ati ndipeze anyamata asanu ndi atatu olinyamula, ndipo ndisaiwale thobwa lawo.